Nagama Sanapite Kumanda

Chibwerere lamulo loletsa phokoso, palibe wofuula pafupi ndi khanda. Azaumoyo amati mu ubongo wa ana a masiku ano, timakomo tolandira mankhwala otchedwa gulutameti timatseguka mopyola muyeso kukamveka phokoso, ubongo n'kuwonongeka. Atambala anadyedwa onse, mitondo anaikuta ndi masaka.

Tsiku loika mwamuna wake, Nagama anali ndi mwana wa miyezi inayi kumbuyo. Kulira kunkaloledwa kumanda kokha, komwe makanda safika.

"Alamu, ndigwirireniko mwanayu ndikalire pang'ono," ananong'oneza mlongo wa malemuyo.

"Ine ndiye ndisakawalire achimwene anga?"

Onse anapita. Nagama anatsala pakhonde ataluma chitenje, misozi ili chuchuchu. Khandalo linamva msana ukugwedezeka, linayesa akuliseweretsa, ndipo linayamba kuseka.