Makoswe a Masiku Asanu

"Onse ali moyo, adokotala," anatero bambo wosamalira makoswe, akutsegula khola monyadira. "Chichokereni inu palibe wagona ndi njala."

Mayi dokotalayo anasuzumira m'kholamo. Kwa zaka zitatu ankafufuza mapuloteni onyamula mafuta m'timatumba ta mazira ta makoswe, ndipo tiana ta makoswe timeneti tinayenera kuphedwa kuti tiyezedwe titangokwana masiku asanu. Tiana tina toti n'kudikira panalibenso. Tsiku limene tianato tinakwana masiku asanu, iye ankaika mwamuna wake m'manda.

"Anzanu aja anabwera ndi timipeni tawo," bamboyo anapitiriza. "Ndinawabweza. Ndinati ayi, mayi ali pamaliro, sabata ino muno simufa kanthu."

Makoswewo anali atamera ubweya, akuthamangitsana.

"Mwachita bwino, bambo," anatero mayiyo, akuvula magolovesi amene anali atangovala kumene.