Kamera ya ku Mbenji

Lole ya nsomba inamutsitsa Salome padoko la Chikombe kutada kale, kamera ya ku koleji ataikumbatira pachifuwa. Mayeso ake a jogalafe chaka chimenecho anali kujambula kanema wa asodzi a pachilumba cha Mbenji. Kubwerera ku Zomba popanda kanemayo kunali kubwereza chaka.

Mwini boti, a Lameki, anamumvetsera uku akusoka ukonde panyali.

"Ku Mbenji? Inuyo, achemwali?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Mkazi sapondako kuja. Mizimu ingakwiye, nsomba n'kuthawa."

"Ndili ndi chilolezo cha boma. Khadi ya chipani ndili nayonso."

A Lameki anayamba acheuka kaye, n'kutsitsa mawu. "Mizimu siiwerenga khadi."

Salome anazungulirazungulira pamchenga. Mapu a chilumbacho anachita kuwaloweza pamtima, koma panalibe buku lomwe linatchulapo zimenezi. Kenaka anaima.

"Nanga kamerayi ndi yaikazi?"

A Lameki anasiya kusoka. "Imeneyo ndiye sinaletsedwepo."

Salome anawaphunzitsa kujambula pomwepo: diso apa, chala apa, dzuwa likhale kumsana. Zala zawo zinkanunkha utaka.

"Musamagwedeze, bambo. Filimu ndi yokhayi."

"Ndikakawadula mitu anzangawo m'kanemamo, musadzandimangitse."

M'mamawa boti linanyamuka, kamera itakulungidwa m'jekete la a Lameki. Pamenepo ndi pomwe Salome anakumbukira. Anathamangira m'madzi mpaka m'maondo, akukuwa kuti akayambe achotsa kachivindikiro kakudiso la kamera.

Injini inali italira kale. A Lameki anangokweza dzanja, akumwetulira.