Nyenyezi ya Mwana wa Nambewe

Lamulo la kwa Kamtedza linali loti mwezi ukaphimba nyenyezi yako, mawa lake sugwira ntchito iliyonse. Nambewe anali asanapumepo chibadwire, poti bambo ake anamusankhira yowala kwambiri, ya kum'mwera kumene mwezi sudutsa.

Tsiku lokalembetsa khanda lawo, mwamuna wake Ganizani analoza m'kaundula wa nyenyezi. "Tipatseni yowalayi."

Nambewe anasuzumira m'bukumo mwachidwi, nafunsa mlembi: "Achimwene, nanga imene mwezi umaiphimba kawirikawiri ndi iti?"

"Ndi aka, mayi. Koma n'kozimirira, kalibe ndi dzina lomwe."

"Lembani komweko."

"Amake mwana, anzake adzamusekatu!" anadandaula Ganizani.

Nambewe anatambasula zikhatho zake zong'ambikang'ambika. "Azidzamuseka iye ali gone pamphasa. Ine kuwala kunandipatsa izi."