Mabatani Awiri

Bambo wina anaika foni patebulo la wopanga pulogalamu ya pafoni, pakati pa kapu ya tiyi ndi mawaya a tchaja, ndipo nthawi yomweyo inalira. Pagalasi panatuluka mawu akuti, "Nthawi yoyamwitsa mwana yakwana." Pansi pake panali mabatani awiri, lina "Wayamwa," lina "Sanayamwe."

"Mayi, ndithandizeni kuti chisiye kulira ichi," anatero bamboyo.

Wopanga pulogalamuyo anayang'ana nambala ya foniyo pakompyuta yake n'kuizindikira. Inali ya makolo a khanda lobadwa masiku asanakwane, limene linatuluka m'chipatala mwezi watha. Mzere wake unali wa timadontho tobiriwira tokhatokha, kalikonse kosonyeza kuti mwana wayamwa. Dzulo lomweli anauonetsa kwa abwana ake, iwo mpaka kuwomba m'manja.

"Komatu inu mukuposa makolo onse, bambo. Simunaphonyepo ngakhale kamodzi."

"Mukadina 'Sanayamwe' chimaliranso, kenako anamwino amaimba foni. Ndiye mayi a mwana amangodina 'Wayamwa.'" Bamboyo anapukuta galasilo ndi chala. "Mwanayo anatisiya sabata yatha. Kufufuta pulogalamuyi akukana, akuti muli zithunzi zake."

Foni inapitiriza kulira. Wopanga pulogalamuyo anaiyang'anitsitsa ngati kuti batani lachitatu litulukira, chikhalirecho tsamba la mabatanilo analikonza yekha. Kuchipinda china munthu ankaseka.

Bamboyo anadikira pang'ono. Kenako anatambasula dzanja n'kudina "Wayamwa."

Foni inakhala chete. Pakompyuta panawonjezekera kadontho kena kobiriwira.