Thekenya la a Kapitawo

"Taimani pang'ono, pachifuwa pandithina," anatero Yeremiya, mtengo wa machila uli paphewa.

A Elifala, kapitawo wa pamunda wa fodya wa mzungu, anasuzumira ali chigonere m'machilamo. Amuna anayi ankawanyamula kupita nawo kuchipatala cha mishoni kuseri kwa phiri, chifukwa thekenya linali litawalowa m'chala chakuphazi.

"Ulesi basi! Dzulo umati dzanja lamanzere lachita dzanzi, lero chifuwa. Mawa udzanena chiyani?" anatero a Elifala.

"Bwana, achimwenewa sali bwino," anatero Benjamini, mng'ono wake wa Yeremiya. "Mapazi atupa, ndipo akakwera kachitunda kokha amapuma ngati athamanga. Taonani thukuta lawoli, n'lozizira. Malemu bambo athu anayamba chonchi."

"Wodwala pano ndani? Chala chikuwawa ine! Tiyeni!"

Benjamini analavula malovu pansi, ulendo n'kupitirira. Yeremiya anakwera phiri lonselo akupuma mobanika, ndipo atafika pakhomo la chipatala anagwa chafufumimba, osadzukanso.

"Ndi mtima," anatero dokotala atamuyeza. "Munthu wodwala chonchi mumamusenzetsa katundu?"

Thekenya lija analichotsa ndi singano, ndipo linali laling'ono ngati kambewu ka mapira.

Anthu atatu otsalawo anagoneka mtembo wa Yeremiya m'machila muja, n'kuufunditsa nsalu, n'kuyamba ulendo wobwerera. Aka kanali koyamba kuti Yeremiya akweremo.

A Elifala anatuluka akutsimphina, kansanza kali kuchala.

"Nanga ine ndibwerera bwanji?"

Palibe anacheuka.