Dzina Limene Adafufuta Pamwamba pa Fayilo

Panali mkulu wina, wolemba mapulogalamu a pakompyuta, amene ankakhala yekha m'chipinda cha lendi: mpando umodzi, kapu imodzi. Adalemba kapulogalamu kokumbutsa odwala tsiku lokatenga mankhwala, n'kukaika pa intaneti kwaulere kuti aliyense akagwiritse ntchito ndi kukakonza.

Koma pakati pake panali chinyengo. Mbali ina ya kapulogalamuko adachita kutapa pa ntchito ya munthu wina, ndipo laisensi ya ntchitoyo, chilolezo choigwiritsira ntchito, inkapempha chinthu chimodzi chokha: tengani, koma dzina la mwini lisachoke pamwamba pa fayilo. Mkuluyu adafufuta dzinalo osaliwerenga n'komwe, n'kulembapo lake.

Mwa anthu onse ogwiritsa ntchito kapulogalamuko, mmodzi yekha ndiye ankamulembera, wodzitcha Njuchi. Ankamukonzera zolakwika, pomaliza n'kufunsa kuti, "Koma mwadya lero?" Zaka ziwiri zathunthu, panalibe wina amene ankamufunsa funso limeneli. Mkuluyu ankati akadzuka, asanasukusule n'komwe, amayamba waona imelo.

Tsiku lina Njuchi adalemba kuti, "Achimwene, laisensi ya fayilo yachitatu ija njolakwika. Bwezeranipo dzina la mwiniwake. Ndi mzere umodzi wokha."

"Ndiona," adayankha mkuluyu.

Patatha mwezi Njuchi adamukumbutsanso. Manyazi a mkuluyu adasanduka ukali.

"Mwiniwakeyo wakutumani? Kaya ali moyo kaya adafa, akudziwa ndani? Ngati mwatopa nane, njira ndi iyo."

"Chabwino, achimwene. Tsalani bwino."

Kudangoti zii. Sabata idatha, mwezi udatha. Mkuluyu adasungulumwa zenizeni, koma pakamwa padalemera kunena pepani.

Kenako osunga nkhokwe ya pa intaneti ya mapulogalamu aulere, momwe adaika kapulogalamuko, adamulembera kuti akonze laisensi, apo ayi kapulogalamuko akachotsa. Apa ndiye adagwada. Adafukula fayilo yoyambirira imene adatapapo ija kuti akopere dzina la mwini. Linali dzina la mayi wina, ndipo pansi pake panali adiresi ya imelo. Adaiyang'anitsitsa. Inali adiresi yomwe ija ankailembera tsiku ndi tsiku, ya Njuchi.

Zaka ziwiri mayiyu ankakonza ntchito yake yomwe, ili m'dzina la wina, osadandaula, kudikira kuti mnzakeyo achite chilungamo yekha.

Kubwezerapo dzinalo kudangomutengera mkuluyu mphindi ziwiri. Kenako adalemba kalata yaitali yopepesa, koma idabwerera ndi mawu akuti adiresi imeneyi idatsekedwa.

Mpaka lero dzina la mayiyo lili pamwamba pa fayilo, laisensi ili bwinobwino. Mkuluyu amatsegulabe imelo m'mawa uliwonse. Palibe amene amamufunsa ngati wadya.

Phunziro: Ukatapa pa ntchito ya mnzako, dzina lake usafufute, ngakhale adakupatsa kwaulere. Ndipo wokudzudzula mofatsa usamulozere njira, mwina ndi yekhayo amene watsala nawe. Tumizirani anzanu nkhaniyi, makamaka amene ali ndi pepani amene akumusunga m'thumba.