Fungo lakumwamba

"Abale, imani kaye! Mukulimva fungoli?" anafunsa mayi Mwandida, mtsogoleri wa mapemphero, akununkhiza uku ndi uku.

A Gervasio, omwe anali atasanjika manja pamutu pa m'bale wodwala, anangotsinzina ngati sanamve. Gulu lonse linakwera phiri dzana kudzasala kudya ndi kufunafuna nkhope ya Mulungu. Koma iwo njala itawapotokola m'mimba, anazemba ngati akukadzithandiza, n'kukasenda ena mwa manachesi omwe anabisa m'matumba a jekete. Kukamwa anapukuta bwinobwino, koma manja anaiwala.

"Likumveka ngati manachesi!" anafuula wodwalayo.

"Ndi fungo lakumwamba limenelo," anayankha mayi Mwandida. "Latsikira pa bambo Gervasio."

Anthu anakuwa aleluya, ena n'kumalimbirana manjawo kuti anunkhize. Mtima wa a Gervasio unakhala pansi, mpaka anakweza manja m'mwamba ngati wodzozedwa weniweni.

"Ndiye titsike bwanji Ambuye atayamba kutiyendera?" anapitiriza mayiwo. "Tisala mpaka Lamulungu. Bambo Gervasio akhale pakati pathu, osasuntha, fungo lingatithawe. Jeketeyo ndibwerekeni ndigwadirepo, miyala ikundilasa."

Akuvula jeketeyo m'pamene a Gervasio anakumbukira kuti mayi Mwandida amagulitsa manachesi paboda chaka ndi chaka.

Mayiwo anaipinda mosamala, matumba ali pamwamba, n'kugwadirapo ndi thupi lonse. Panamveka kuti phwaa, madzi n'kuyenderera pathanthwe.

"Aleluya!" anafuula wodwala uja. "Lawonjezeka!"

"Ameni," anayankha a Gervasio, misozi ili mbwembwembwe.